Firmware yatsopano pa ma electrometer: zimene mwakhala mukutifunsa

Chikhazikitsireni lamulo loti munthu asaike yekha firmware yatsopano pa electrometer (chipangizo choyeza chaji ya magetsi kuti tidziwe mlingo wa radiyeshoni), madandaulo sakutha, makamaka chifukwa chipangizo chimodzi chikakhala pa mayeso, nonse mumadikirirana pa chinacho. Tayankha mafunso amene akubwera kawirikawiri ku ofesi ya medical physics.

Firmware n'chiyani kwenikweni?
Ndi pulogalamu ya mkati mwa chipangizocho, imene imasandutsa chaji yochokera ku ion chamber (kachipangizo kamene timaika mu radiyeshoni poyeza) kukhala manambala a nC (nanocoulomb, muyezo wa chaji) amene mumawerenga.

Kodi timed mode yabwera ndi phindu lanji?
Lalikulu ndithu. Mumatchera nthawi, tinene masekondi 60, chipangizo n'kusonkhanitsa chaji n'kusiya chokha. Poyeza cobalt-60, kapena gwero la iridium-192 mu well chamber (ion chamber yokhala ndi dzenje loikamo gwero), pomwe radiyeshoni imangotuluka osalekeza, simudaliranso chala chanu pa sitopuwotchi. Koma pa linac, makina ochizira khansa amene amapanga radiyeshoni ndi magetsi, samalani. Kumeneko mlingo umayendera ma monitor unit (muyezo umene makinawo amawerengera radiyeshoni imene atulutsa), ndipo nthawi yanu ikatha beam isanazime, muwerenga nambala yoperewera.

Nanga satifiketi ya calibration (yotsimikiza kuti chipangizo chikuyeza molondola) ikugwirabe ntchito firmware ikasinthidwa?
Apa sitingakupatseni "inde" wachidule. Zimatengera chimene chasinthidwa. Ngati wopanga walemba momveka kuti wangokonza maonekedwe a sikirini kapena kulumikizana ndi kompyuta, nthawi zambiri satifiketi imakhalabe. Ngati kusinthako kwakhudza kawerengedwe ka chaji, ka nthawi kapena ma range, ife timachitenga chipangizocho ngati chosatsimikizika kufikira titachiyesa. Timayeza ndi check source (gwero loyesera chipangizo) ya strontium-90 tisanaike firmware, timabwereza titaika, kenaka timafananitsa ndi electrometer ina yomwe sinakhudzidwe. Zotsatira zikatuluka m'malire athu, chimapita ku labotale ya calibration ngakhale zaka ziwiri za satifiketi yake zisanakwane. Za amene alipire ulendo umenewo sitinamvanebe. Ife tikuona kuti ngati update inali yokonza cholakwika cha wopanga, ndalamayo siyenera kuchoka m'thumba la dipatimenti, koma zimatengera zimene mgwirizano wa service ukunena, ndipo sitikulonjeza kanthu.

N'zoona kuti update yapitayi inasokoneza ma setting?
N'zoona, ndipo tinachedwa kukuuzani. Ma coefficient (manambala a calibration) a ma chamber amene anasungidwa mkati anafufutika, ndipo kutentha kofananitsira (reference temperature) kunabwerera pa 22 °C, monga amachitira otsata TG-51, ndondomeko yoyezera ya AAPM (bungwe la medical physics la ku America), pomwe masatifiketi athu ali pa 20 °C mogwirizana ndi TRS-398, ndondomeko ya IAEA (bungwe la dziko lonse loona za nyukiliya). Madigiri awiriwo amasuntha zotsatira ndi pafupifupi 0.7 peresenti, kochepa moti diso silingaone, koma kokwanira kuononga output (miyezo ya radiyeshoni imene makina akutulutsa) ya mwezi wonse. Zinagwidwa pa mayeso obwereza chipangizo chisanabwerere ku ntchito. Lamulo mukudandaula naloli linachokera pamenepo.

Timed mode ikuchotsa timer error ya makina a cobalt?
Ayi. Nthawi imene gwero limatenga potuluka ndi pobwerera ndi nkhani ya makinawo, muziiyezabe payokha.

Ndingakane update ngati chipangizo changa chikuyenda bwino?
Mungathe kupempha kuti idikire, kupatula ikakhala yokhudza chitetezo cha odwala. Lembani version imene ilipo m'buku la chipangizocho, pamodzi ndi leakage (chaji imene chipangizo chimaonetsa popanda radiyeshoni) ya tsikulo, mubweretse kwa mkulu wa physics asaine.