Chitsulo cham'kamwa mwa kavalo: chisankheni poyang'ana m'kamwa mwake

Kavalo akamapukusa mutu, kuyasama kapena kutulutsa lilime, eni ake ambiri amathamangira chitsulo chaukali. Yambani mwayang'ana m'kamwa. Pakati pa mano akutsogolo ndi otafunira pali mpata wopanda mano, ndipo chitsulo chimagona pamenepo ndi pa lilime. Fupa la pamenepo ndi lakuthwa, lokutidwa ndi mnofu wopyapyala, choncho silichedwa kuvulala.

Poyeza, dutsitsani kachingwe koyera m'kamwa pamene chitsulo chimakhala, muike zizindikiro m'mbali mwa milomo, kenako muwonjezere theka la sentimita mbali iliyonse. Akavalo ambiri a msinkhu wapakati amavala cha masentimita 12.5. Chachifupi chimatsina milomo, chachitali chimatsetsereka n'kumagunda mano. Kunenepa kwake kukhale mamilimita 14 mpaka 16. Chowonda kwambiri chimacheka, koma musaganize kuti chonenepa ndiye chachifundo nthawi zonse, chifukwa kavalo wa lilime lalikulu amalephera kutseka pakamwa. Mukachimanga, pangodya ya milomo pazioneka khwinya limodzi kapena awiri basi.

Chitsulo cha snaffle, chomwe chili ndi mphete m'mbali zomangapo zingwe, chikakhala ndi mfundo imodzi pakati chimapindika mukakoka zingwe zonse ziwiri, n'kupana nsagwada. Cha mfundo ziwiri, chokhala ndi kachidutswa kosalala pakati, chimagona bwino pa lilime, ndipo n'chimene timalangiza ongoyamba kumene. Zitsulo za mikono yaitali m'mbali, yomangapo zingwe, ndi tcheni cha pansi pa chibwano zimachulukitsa mphamvu ya dzanja. Zisaperekedwe kwa wophunzira, ngakhale tsiku limodzi.

Zingwe zakumutu zopanda chitsulo zimathandiza kavalo wa zilonda m'kamwa kapena wa vuto la mano. Sidepull, yomwe zingwe zokokera zimamangidwa m'mbali mwa lamba wapamphuno, ndi yofatsa ndipo kavalo amaimva msanga, popeza mukakoka kumanja mphuno imatsatira kumanja. Hackamore ya mikono yachitsulo, yomwe imafinya mphuno ndi chibwano, ndi nkhani ina, ikhoza kupweteka kuposa chitsulo cham'kamwa. Pa zonsezi chofunika ndi pamene lamba wapamphuno wakhala: zala ziwiri kunsi kwa fupa lotukuka la patsaya. Akatsika kwambiri amapsinja nsonga yopyapyala ya fupa la mphuno ndi kuchepetsa mpweya, ndipo kavalo sapuma ndi pakamwa. Pakati pa lamba ndi mphuno pazilowa zala ziwiri. Mukasinthira ku zingwe zopanda chitsulo, yambani kumuphunzitsa mu mpanda, muli pansi, mpaka azikhota ndi kuima mukangokoka pang'ono.

Kuno ku Mzuzu chinyezi chimawononga zipangizo. Zikopa zimachita chuku n'kuuma, ndipo zikauma zimakhula khungu kuseri kwa makutu. Zipukuteni, muziumike pamthunzi, muzipake mafuta a zikopa. Chitsulo chitsukidwe mukangochivula, ndipo muchisisite ndi chala kuti mumve ngati pali pokanda. M'mawa wozizira wa Juni ndi Julaye, chifunditseni m'manja musanachilowetse m'kamwa.

Kwa eni abulu okoka ngolo: waya kapena chingwe cha nayiloni m'kamwa chimang'amba milomo ndi lilime. Lamba wapamphuno wotambalala, wokutidwa ndi nsalu yofewa, amakwanira.

Dokotala wa ziweto aziona mano kamodzi pachaka. Mano otafunira amasongoka m'mbali n'kumalasa masaya, komanso akavalo ena amakhala ndi kadzino kakang'ono kutsogolo kwa otafunira komwe chitsulo chimagunda. Kadzino kameneka dokotala amatha kukazula, koma chitsulo chisabwerere m'kamwa bala lisanapole.