Bandi ya malipenga ikamaimba za nyenyezi ndi za Mulungu

Ambirife bandi ya malipenga timaidziwira pa perete, apolisi kapena asilikali akuguba, ng'oma ikugunda. M'mayunivesite a ku America bandi yotereyi imakhalanso pamipando m'holo, ndipo si zachilendo kuti pulogalamu ya usiku wonse ikhale ya nyimbo zonena za thambo, angelo ndi pemphero.

Amene anasintha zinthu ndi Frederick Fennell. Mu 1952 anayambitsa Eastman Wind Ensemble ku Rochester, m'chigawo cha New York, gulu locheperapo lomwe pafupifupi gawo lililonse la nyimbo limaimbidwa ndi munthu mmodzi. Mawu a chida chilichonse anayamba kumveka paokha, olemba nyimbo nawo n'kuyamba kulembera bandi zinthu zakuya.

Pa makonsati oterewa dzina la Gustav Holst silisowa. Mngelezi ameneyu, yemwe ankaimbanso trombone, analemba The Planets pakati pa 1914 ndi 1917. Ili ndi zigawo 7, chilichonse chonena za pulaneti limodzi, koma dziko lathuli mulibe. Anailembera orchestra yokhala ndi mavayolini, choncho bandi imaimba yokonzedwanso, ndipo ntchito yambiri ya mavayolini imagwera oimba clarinet. Gawo la Mars limayenda ndi kagundidwe kasanukasanu komwe munthu sangagube nako momasuka. Pakati pa Jupiter pali nyimbo yodekha imene mu 1921 inapatsidwa mawu n'kumaimbidwa m'matchalitchi.

Koma chimene ndimafuna ophunzira anga amvetse ndi mpweya. Bandi yabwino ikagwirizana mawu, kuyambira tuba, lipenga lalikulu la mawu a besi, pansi mpaka zitoliro pamwamba, imamveka ngati limba lalikulu la m'tchalitchi. Limba silitopa, pomwe munthu mpweya umamuthera. Ndiye oimba amagawana: amalemba ndi pensulo papepala la nyimbo pomwe aliyense apumire, uyu apa, mnzake patsogolo pang'ono, ndipo wopumayo amabwereramo mwakachetechete kuti womvera asazindikire. Mawu aatali osadukiza aja, amene amatikumbutsa thambo lopanda malire, amapangidwa motero. Kuimba mokweza aliyense amatha. Chovuta n'kuimba motsitsa kwambiri mawu osagwedera, makamaka holo ikatentha, chifukwa zida zouzira zikafunda mawu ake amakwera pang'ono, ndipo aliyense ayenera kutchera khutu kwa mnzake n'kukonza ndi milomo.

David Maslanka, wolemba nyimbo wa ku America amene anamwalira mu 2017, ankazidziwa bwino zimenezi. Ankakonda kuyamba tsiku poimba nyimbo za m'tchalitchi zimene Bach, wolemba nyimbo wakale wa ku Germany, anakonza, ndipo mu Symphony No. 4 ya 1993 anaikamo Old Hundredth, nyimbo yakale ya Salimo 100. Mukaipeza pa YouTube, mvetserani momwe nyimboyo imabwerera kangapo itavala zina, kenako yang'anani mapewa a oimba tuba muone nthawi imene aliyense akukoka mpweya.