Nkhani ya William Bligh, chonde siyani kundiuza za m'mafilimu

Chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa maulendo apanyanja a Angerezi, pamapezeka wina wokweza dzanja, nthawi zina ndi mphunzitsi mnzanga ndithu, n'kunena kuti Bligh uja ndi kaputeni wankhanza amene ankakwapula anthu mpaka anamugalukira. Abale ndatopa nazo. Zimenezo mwazitola mufilimu, kapena pa kavidiyo ka mphindi ziwiri ka pa TikTok kopangidwa ndi munthu amene sanatsegulepo buku la mbiri chibadwire.

Poyamba pomwe, pa Bounty paja, sitima imene anamugalukirapo, Bligh analibe ndi udindo wa ukaputeni womwe, anali lefutenanti chabe. Anabadwa mu 1754, ndipo ali ndi zaka 21 zokha anasankhidwa kukhala woyendetsa sitima ya Resolution pa ulendo wachitatu wa James Cook, ulendo umene Cook anaphedwera ku Hawaii mu 1779. Ntchito yoyendetsa sitima yamatanga samapatsa munthu chifukwa cha nkhope, mnyamatayu ankadziwa kuwerenga nyenyezi ndi kujambula mapu. Mu 1787 anamupatsa Bounty, kasitima kakang'ono, kuti apite ku chilumba cha Tahiti, popanda ofisala wina wa kalata ya mfumu womuthandiza, popandanso asilikali olondera amene pa sitima zina ndi omwe ankaimirira pakati pa bwana ndi amalinyero. Akuluakulu a ku Admiralty, likulu la asilikali apamadzi a ku Britain, anachedwetsanso chilolezo chonyamukira, moti ananyamuka pa 23 December, n'kukafika ku Cape Horn nyengo itaipa kale. Analimbana ndi mphepo pafupifupi mwezi wathunthu, kenako anangotembenuka kudzera ku Cape of Good Hope. Kuchedwa kwa muofesi kumeneko ndi kumene kunapangitsa kuti akakhale miyezi isanu ku Tahiti, ndipo mwambo wa pasitima unasungunukira komweko.

Za chikotizo. Inde ankakwapula, aliyense nthawi imeneyo ankakwapula, koma mukayerekeza zolembedwa za pasitima mupeza kuti Bligh ankakwapula mochepa kuposa Cook, mocheperatu kuposa kaputeni wina wa nthawi yomweyo, George Vancouver. Anthu atatu atathawa ku Tahiti mu January 1789, mlandu woti akanatha kunyongedwa nawo, iye anangowakwapulitsa ndi kuwamanga maunyolo basi. Anagawa ulonda patatu kuti anthu azigona mokwanira, ankaumiriza ukhondo, mpaka anatenga woimba vayolini wosaona bwino, Michael Byrne, kuti madzulo anthu azivina kulimbitsa thupi.

Vuto la bamboyu linali pakamwa. Ankalalata, ankayalutsa maofisala ake pamaso pa anthu amene iwo amayenera kuwalamulira, akatero iye waiwala, akukuitanira chakudya chamadzulo ngati palibe chachitika. Fletcher Christian anali mnzake wakale, anayenda naye maulendo a ku West Indies, ndipo anamukweza yekha pa udindo, koma pa 27 April 1789 anamunena kuti ndi wakuba pa nkhani ya makokonati. Makokonati! M'mawa mwake pa 28 April, pafupi ndi chilumba cha Tofua, Christian ndi anzake anamumanga ali kuchipinda. Ndipo si ine ndekha amene ndikunena za pakamwapa, mu 1805 khothi la asilikali apamadzi linamudzudzula chifukwa cha malankhulidwe ake kwa lefutenanti wina pa sitima ya Warrior.

Zimene zinatsatirazo ndi zimene akatswiri anu a pafoni amadumpha. Bligh ndi anthu 18 anawatsitsira m'kaboti ka mamita 7, opanda mapu, ndipo anayenda makilomita pafupifupi 6,700 mpaka ku Kupang pachilumba cha Timor, anafika pa 14 June. Chakudya ankachita kuyeza ndi chipolopolo pa kasikelo kopangidwa ndi zikamba za kokonati. Pa ulendo wonsewo anataya munthu mmodzi yekha, John Norton, amene anagendedwa ndi miyala ku Tofua, ngakhale ena anadzamwalira atafika kale kumtunda matupi atatheratu. Khothi linamupeza wosalakwa mu 1790. Dzina linayamba kuipa pambuyo pake, iye ali kunyanja pa ulendo wina, pamene mchimwene wake wa Christian, Edward, katswiri wa malamulo, ankasonkhanitsa maumboni, amene anadzawasindikiza mu 1794 Bligh atabwerako kale. Amene ali pamudzi ndi amene amafotokoza nkhani, wapaulendo amangopeza yapsa kale.

Koma chimene chimandivutabe mumtima, ndipo palibe wophunzira amene anandifunsapo, ndi chakuti sitimayi inkapita kukatani. Inanyamula timitengo 1,015 ta chipatso cha breadfruit, mpaka chipinda chachikulu cha bwana chinasanduka nazale. Eni minda ya nzimbe ku West Indies, mothandizidwa ndi Joseph Banks, katswiri wa zomera, ankafuna chakudya chotchipa chodyetsa akapolo ochokera ku Africa. Ndiye timakhala pansi kukangana ngati mzungu uyu anamutukwana mzungu mnzake mopitirira muyeso, pomwe anthu amene chipatsocho chinkapitira kwa iwo ankakwapulidwa tsiku ndi tsiku popanda khothi lililonse lowafunsira. Bligh anabwereranso ndi sitima ya Providence mu 1791, n'kufikitsadi mitengoyo ku St Vincent ndi ku Jamaica mu 1793, koma akapolowo poyamba anakana kudya. Chimodzimodzi amayi a ku Tahiti amene Christian anakabisala nawo ku chilumba cha Pitcairn mu 1790, ambiri anatengedwa osafuna, koma mufilimu mumangowaona akumwetulira atavala maluwa.

Musandimve ngati ndikumuyeretsa. Munthu amene amugalukira pa Bounty, kenako amalinyero n'kumutsitsa pa sitima ya Director pa kugalukira kwa amalinyero a sitima zankhondo ku Nore, ku England, mu 1797, kenakonso asilikali n'kumuchotsa pa ubwanamkubwa wa New South Wales ku Australia pa 26 January 1808, ameneyo china chake chinalipo ndithu. Koma ku Nore anatsitsidwa mabwana ambiri osati iye yekha, ndipo ku Sydney, likulu la New South Wales, ankalimbana ndi mpondamatiki John Macarthur ndi maofisala amene analemera ndi malonda a mowa wa rum. Pakati pakepo anamenya nkhondo ku Camperdown mu 1797 ndi ku Copenhagen mu 1801, komwe mkulu wa nkhondo zapamadzi, Nelson, anamuyamika pagulu. Anamwalira ku London mu 1817 ali vice admiral.

Ndiye inu amene mukulemba ma asainimenti, ndikaona mawu akuti "kaputeni wankhanza" opanda tsiku, opanda dzina la wokwapulidwayo, ndikubwezerani pepalalo mukalembenso. Ndipo musadikire usiku woti mawa ndi tsiku lopereka kuti muzikafunsa pa gulu la WhatsApp, ndi kumene mumatolako zinyalalazi.