Azakhali a ku Mutarara ndi manda a ku Bangwe

Azakhali atamwalira kuno ku Bangwe, mkangano unabuka usiku woyamba womwewo, amayi akuimba m'nyumba ya siwa, ife amuna tikuwotha moto panja. A kuchimuna anali atafika kuchokera ku Mutarara, ku Mozambique, ndipo mawu awo anali amodzi: mkazi ameneyu tinamulowola, chuma tinapereka chonse, thupi lake likagone kwathu. Kwa ife ochokera kuchigwa cha Shire mawu otere si achilendo, mkazi wolowoledwa amaikidwa kwa mwamuna wake. Koma mwana wawo, msuweni wanga, anakana kwamtuwagalu. Achinyamata a m'banja mwathu, amene anabadwa nkhondo ya ku Mozambique itatha, anangoti kakasi. Ena sankadziwa n'komwe kuti agogo awo aja ogulitsa nsomba zouma mumsika wa Limbe anali ndi nyumba, munda ndi mwamuna m'dziko lina. Ndikulembera iwowo, chifukwa mkangano wa usiku umenewo unayamba kale, ine ndili mwana wa sitandade 3.

Azakhali anabadwira ku Nsanje, mimba imodzi ndi bambo anga. Kukwatiwa ku Mutarara sikunali kupita kunja. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadutsa pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi, okwatirana, olira maliro limodzi. Pamwamba pa izo panali njanji. Sitima yochokera ku Port Herald, dzina lakale la Nsanje, inayamba kufika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935 anamaliza mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika kupitirira makilomita atatu ndi theka, Mutarara tsidya lino, Sena tsidya linalo. Munthu ankakwera ku Limbe n'kukatsikira pafupi ndi khomo la mlongo wake. Bambo ankagwira ntchito kunjanji ku Limbe, ndipo tili aang'ono kwambiri mpunga ndi nsomba za azakhali zinkatipeza pa sitima yomweyo.

Mozambique inalandira ufulu pa 25 June 1975. Pasanathe zaka zingati nkhondo ina inayamba, pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, limene poyamba linkathandizidwa ndi boma la azungu la Rhodesia, kenako kuyambira 1980 ndi la South Africa. Anthu wamba sankanena kuti Renamo, ankati Matsanga, potengera dzina la mtsogoleri wawo woyamba, André Matsangaissa. Kuno ku Blantyre mfuti sitinazimve, koma nkhondoyo inatilowera kudzera kunjanji. Pofika 1984 njira zonse ziwiri za kunyanja, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zinali zitatsekeka. Mafuta, feteleza, fodya ndi tiyi zinayamba kuyenda pa malole, ena kudzera ku Mwanza ndi Tete mondondozana, asilikali a ku Zimbabwe akuperekeza, ulendo wonse mpaka ku Durban. Mtengo wa ulendo wautaliwo unkagwera mayi wogula sopo ndi palafini pa golosale. Ndimakumbukira bambo akubwera kuntchito dzuwa likadalipo, akunena kuti mabogi angoima.

Pa 11 September 1986, Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe, atsogoleri a Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe, anabwera kuno ku Blantyre kudzakumana ndi Kamuzu Banda. Dandaulo lawo linali lakuti Malawi ikulola Renamo kugwiritsa ntchito nthaka yake. Machel atabwerera kwawo anaopseza kuti atseka malire ndi kuikapo mizinga. Masabata otsatira nkhondo inakula koopsa m'zigawo za Zambezia ndi Tete, matauni a m'malire monga Milange ndi Mutarara anagwa m'manja mwa Renamo, mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa chaka chomwecho, ndipo pa 19 October Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, ku South Africa. Za ndale zimenezi akuluakulu ankazinong'ona, chifukwa masiku amenewo makoma anali ndi makutu. Chimene ine ndinaona ndi maso anga ndi mnyamata, mwana wa azakhali, amene bambo anatsika naye sitima ya ku Nsanje chakumapeto kwa chaka chimenecho.

Anali wa msinkhu wanga, zaka 9. Anavala malaya a bambo ofika m'mawondo, chifukwa chimene anamupeza nacho kumsasa wa othawa nkhondo linali thumba loboola pakhosi ndi m'mikono. Mapazi anali ong'ambikang'ambika, mphere paliponse. Amayi anamusambitsa ndi madzi ofunda kuseri kwa nyumba, akulira mosatulutsa mawu. Tikakhala pa nsima iye ankadya mofulumira, mutu uli pansi, ndipo patapita masiku amayi anapeza zidutswa za nsima yowuma pansi pa mphasa imene tinkagonapo. Sanamukalipire. Anangoyamba kumusiyira mkute m'mbale yovundikira pafupi ndi pamene ankagona, kuti akadzuka usiku aone kuti chakudya chilipo. Pa Khirisimasi ana a m'dera lathu ataphulitsa makombola, msuweni wanga anathawira pansi pa bedi la makolo anga, ndipo anakana kutuluka mpaka m'mawa. Ife tinaseka. Mpaka lero ndikakumbukira kusekako mtima umandipweteka.

Nkhani yake anandiuza pang'onopang'ono, zaka zikupita. Anthu a mfuti anafika m'mudzi mbandakucha, natenga amuna kuti awasenzere katundu. Bambo ake anali m'gulu limenelo ndipo sanabwerenso. Azakhali anathawa ndi iyeyo ndi kamwana kakakazi kumsana, akuyenda usiku, masana akubisala m'mabango, akudya nyika za m'dambo. Anafika ku Mankhokwe, msasa waukulu wa ku Nsanje. Kumeneko chikuku chinali kusesa ana, ndipo kamwana kaja kanamwalira pasanathe mwezi. Ndicho chifukwa chake azakhali anapereka mnyamata wotsalayo kwa mchimwene wawo kuti apite naye kutauni. Iwo eni anatsala kumsasa, chifukwa khadi la chakudya linali kumeneko, komanso ankayembekezera kuti tsiku lina mwamuna wawo adzatulukira pakati pa anthu amene ankafika tsiku ndi tsiku.

Ndipo ankafikadi anthu, osati masewera. Kalembera wa 1987 anapeza kuti m'dziko muno tinalimo pafupifupi 8 miliyoni, koma pofika 1992 othawa nkhondo a ku Mozambique anali atapitirira 1 miliyoni. Ku Nsanje iwo anachuluka kuposa eni boma. Anali ku Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza, Mangochi, ena m'misasa, ambiri m'midzi mwa abale awo, mafumu atawagawira malo. Pamenepa ndimanyadira dziko langa popanda kuchita manyazi. Anthu osauka anatsegula makomo awo. Koma ndinene zonse: boma lomwelo limene linawalandira ndi limene anansi athu ankalidandaula kuti likulekerera Renamo, ndipo kuyambira 1987 asilikali athu anatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala, ena n'kufera komweko. Nawonso eni midzi analipira mtengo wake. Nkhuni zinatha, minda inachepa, pa mjigo ndi kuchipatala mizere inatalika.

Kumsasa chimene chinkapha anthu ambiri si chipolopolo. Kolera inabuka ku Mankhokwe mu 1988, inabukanso ku Nyamithuthu mu 1990. Anthu zikwizikwi akatunga pa zitsime zochepa, zimbudzi zikasefukira ndi mvula, ndowa yamadzi ikamalowetsedwa manja ndi aliyense m'nyumba, matenda amenewa sachedwa. Azakhali anapulumuka kolera. Chimene chinawagwetsa ndi matenda ena amene ambiri kuno sitinkawadziwa dzina.

Mu 1990 uthenga unafika kuti adwala, mutu sukuyenda bwino. Bambo anakawatenga. Atafika pakhomo sindinawazindikire. Khungu la m'khosi linali litada mozungulira ngati avala mkanda, kuseri kwa manja ndi pamapazi likusenda ngati munthu wopsa ndi moto, mkamwa muli zilonda, m'mimba mosaleka. Ankatha kukhala pakhonde tsiku lonse osayankhula, kenako n'kuyamba kuitana mwana wawo womwalira uja. Anthu oyandikana nafe anayamba zonena. Ena ankati ndi khate, ena ankati awalodza, ena ankanong'ona za matenda atsopano aja amene anali atayamba kutha anthu m'tauni muno. Mayi wina analetsa ana ake kudzasewera kwathu.

Ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, adokotala atangoona khosi ndi manja anadziwa. Anati ndi pellagra, matenda obwera thupi likasowa niacin, mtundu wina wa vitamini B. Chimanga chili nayo koma mwa njira yoti thupi silitha kuitenga bwino, choncho munthu wodya nsima yokhayokha miyezi yambiri, wopanda ndiwo zenizeni, amadwala. M'misasa anthu ankalandira ufa, nyemba, mafuta ophikira, ndi mtedza, ndipo mtedzawo ndi umene unkawateteza. Utasowa pa chakudya chogawidwa kwa miyezi ingapo, matendawa anabuka. Chaka chimenecho chokha anthu pafupifupi 18,000 anapezeka nawo pakati pa othawa nkhondo kuno kummwera, ambiri mwa iwo amayi. Sindidabwa kuti anali amayi, chifukwa ndi iwo amene amadya pomaliza, ndiwo zitatha. Pambuyo pake mabungwe othandiza anayamba kugawa mapiritsi a vitamini ndi kuthira michere mu ufa.

Azakhali anapatsidwa timapiritsi ting'onoting'ono, ndipo amayi anauzidwa zoti aziwaphikira. Ndimawaonabe amayi atakhala pa mtondo madzulo alionse, akusinja mtedza wothira m'phala ndi m'nkhwani, akugula usipa wa ndalama zochepa zimene zinalipo. Pasanathe mwezi khungu linayamba kubwerera, ndipo tsiku lina m'mawa azakhali anatenga tsache n'kuyamba kusesa pabwalo, akufunsa msuweni wanga ngati wachita bwino mayeso. Munthu amene anthu ankati wapenga anachira ndi nsinjiro. Zimandiwawa kuganiza za amene anafera kumsasa ndi matenda ochizika chonchi.

Mu 1992 chilala chinatigwera tonse, ife ndi iwo, mpaka tinadya nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. Chaka chomwecho, pa 4 October, Joaquim Chissano, mtsogoleri wa Mozambique, ndi Afonso Dhlakama wa Renamo anasainirana mtendere ku Rome. M'zaka ziwiri zotsatira misasa inayamba kuphwasuka, anthu akubwerera kwawo, ambiri wapansi, ena pa malole ndi mabasi a bungwe loona za othawa kwawo la UNHCR, ndipo mu October 1994 Mozambique inachita chisankho chake choyamba cha zipani zambiri. Azakhali nawonso anapita kukaona. Anapeza pamene panali nyumba pamera tchire, anthu akuchenjezana kuti asapatuke panjira chifukwa cha mabomba okwirira pansi. Anafunsa za mwamuna wawo mudzi ndi mudzi, koma panalibe amene anatha kuwalozera ngakhale pamene anagwera. Atakhala miyezi itatu anabwerera ku Bangwe, nayamba geni ya nsomba, ndipo sanasamukenso. Mabanja otere alipo ambiri ku Bangwe, ku Ndirande, ku Zingwangwa ndi ku Chilomoni, kungoti sayankhula za izi. Ndipo nkhani yake sinathe: mu 2016 msasa wa Luwani ku Neno unatsegulidwanso chifukwa cha anthu othawa ku Tete, ndipo kumapeto kwa 2024, zipolowe za chisankho zitabuka ku Mozambique, anthu anawolokanso kulowa ku Nsanje.

Tsono usiku uja pa siwa mbali zonse ziwiri zinali ndi chifukwa chomveka. A kuchimuna sanabwere kudzavuta. Nkhondo inawalanda mbale wawo osawasiyira ngakhale mtembo woti aike, ndipo manda a mkazi wake akanakhala chizindikiro chokhacho chakuti banja limenelo linakhalapo pamudzi pawo. Mkulu wawo, munthu wa imvi, anatembenukira kwa bambo nati, "Alamu, mukatimana uyu, kwathu kutsala chiyani cha mchimwene wanga?" Bambo, amene tsopano amayenda ndi ndodo, sanayankhe msanga. Amene anayankha ndi msuweni wanga. Anagwada, nati, "Bambo aakulu, sindikukunyozani. Koma amayi akagona pafupi ndi ndani kumeneko? Bambo anga alibe manda. Mlongo wanga ali ku Mankhokwe, mbali ino. Adzukulu awo ali pano. Amene anawasinjira mtedza ali m'nyumbamu akulira."

Panakhala chete nthawi yaitali. Ankhoswa anapatukira pambali ndi akuluakulu a mbali zonse, nakambirana mpaka tambala woyamba. Chimene anagwirizana n'chakuti azakhali aikidwe ku Bangwe, koma a kuchimuna ndi amene ayambe kuponya dothi m'manda, ndipo msuweni wanga adzapite ndi ana ake ku Mutarara akakolola, kuti akadziwe kwawo kwa agogo awo aamuna. Titaika maliro, mkulu uja anapempha chinthu chimodzi. Anatapa dothi la pamtumbira lodzaza manja awiri, amayi anamupatsa chitenje chakale cha azakhali, iye anamanga bwinobwino n'kuika m'chikwama. M'mawa mwake ine ndi msuweni wanga tinawaperekeza ku Limbe kukakwera minibasi ya ku Nsanje, chikwamacho atachifungatira pamiyendo.