Chilonda kupola si kuchira chindoko

Sabata siitha ndisanamve mawu awa: "Adokotala, zimenezo ndinathana nazo kalekale, ndinabayitsa." Ndikafunsa kuti munabayitsa chiyani, kangati, anakubayani ndani, munthu amangoyang'ana pansi. Pakamwa panga pachita kuuma ndi kubwereza: chilonda choyamba cha chindoko sichipweteka, ndipo chimapola chokha pakatha masabata 3 mpaka 6, mubayitse musabayitse. Kachilomboko kamakhala kalowa kale m'magazi.

Kukhulupirira jekeseni chonchi tinakulandira kwa agogo athu, iwonso anali ndi chifukwa. Pamene Mangochi yathu ino inkayamba kutchedwa Fort Johnston, mankhwala a chindoko a azungu anali mercury, wogwedeza mano ndi kuchuchitsa dovu. Mu 1910 kunabwera Salvarsan wa Paul Ehrlich wa ku Germany, wopangidwa ndi arsenic, kenaka m'zaka za m'ma 1920 jekeseni ya bismuth. Zilonda za matenda ena otchedwa yaws, omwe ana amapatsirana pongokhudzana khungu, zinkauma mwachangu chodabwitsa munthu akabayidwa kamodzi kapena kawiri. Mbiri inawanda. Koma chindoko chenicheni chinkafuna kubayitsa miyezi yambirimbiri, ndipo ndani akanayenda mtunda wa ku Makanjira sabata ndi sabata khungu litasalala kale?

Madokotala achitsamundawo nawonso ankasokoneza matenda awiriwa, pakuti tizilombo take n'tapachibale, moti kuyeza magazi sikusiyanitsa. Ku Uganda, dokotala wa asilikali a ku Britain dzina lake Lambkin analengeza mu 1908 kuti chindoko chatsala pang'ono kutha mtundu wa Abaganda, mlandu n'kugwera akazi. Ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero) akazi achikuda ofuna kukhala m'tauni ankawayeza mokakamiza, pamene ku Britain komweko malamulo otere, omwe anayamba mu 1864, anali atathetsedwa mu 1886. Boma linkadera nkhawa asilikali ndi antchito a m'migodi. A Wenela ankayeza mwamuna kuti aone ngati angakumbe ku Joni. Za mkazi amene adzam'peza kumudzi pobwera sinali nkhani yawo. Manyazi aja alipobe: mayi ndiye amagwidwa nacho chindokocho kusikelo, bambo ali kunyanja.

Pali mayi wina wa kugombe amene sandichoka m'mutu. Anabwera mimba ili ya miyezi 8, mwana atasiya kugunda masiku awiri. Pathupi pawiri pam'mbuyo panapitanso padera, apongozi atamaliza kale kuti pali dzanja la munthu. M'zikhatho ndi kuphazi anali ndi timadontho todera, iye ankati n'zamadzi otsukira usipa. Kuyeza kwa kadontho ka magazi pachala sikunathe ndi theka la ola. Chindoko. Mwamuna wake, msodzi, anabwera patatha sabata, chipewa chili m'manja.

"Bambo, munayamba mwaonapo chilonda kumaliseche?"

"Kalekale, adokotala. Anandibaya munthu wina padooko, chinapola."

Anali atalipira, atabayidwa pathako kuseri kwa thandala loyanikira nsomba, ndi mankhwala amene mpaka lero sadziwa dzina lake. Mayi uja akanayezetsa miyezi yoyambirira, jekeseni yoyenera ikanateteza mwanayo. Ndimakumbukira kansalu katsopano kamene anabwera atakapinda m'beseni.

Chondipweteka n'chakuti chindoko chimamvabe penicillin, monga chinayambira kumva mu 1943. Koma ndi benzathine penicillin, osati madzi aliwonse oyera a m'kabotolo, ndipo chikakhalitsa m'thupi ndi majekeseni 3, sabata iliyonse imodzi, osadumphitsa. Chinzonono ndiye chinasiya kumva penicillin, ndipo makapisozi ogula awiriawiri pamsika akuchilimbitsa mutu. Odzitcha madokotala oyenda ndi zikwama m'madooko sadziwa kusiyanitsa ziwirizi, singano n'kutheka ndi yomwe abayira mnzanu. Zakumwa za m'mabotolo zoti "zimatsuka m'thupi" sinditayirapo nthawi.

Mukazengereza, chindoko chimakhala chete zaka, kenaka n'kukagwira mtima, maso kapena ubongo, ndipo chowonongeka pamenepo jekeseni siibweza. Chilonda chake chimatsegulanso khomo la HIV. Amayi, yambani sikelo miyezi itatu isanakwane ndipo funsani ngati akuyezani chindoko. Abambo, kakalata kokuitanani kuchipatala kakafika, musakakulungire fodya. Mkazi akachira inu osalandira mankhwala, mukhoza kum'patsiranso usiku womwe mwabwera kuchokera kunyanja.