Bambo akakhala duu pa Facebook sikuti imfa ya mwana siikumuwawa

Mwana akamwalira timaona mayi akulemba pa Facebook, kuika chithunzi pa status ya WhatsApp tsiku lobadwa la malemu likafika, ndiye anthu nkumanong'onezana kuti nanga bambo aja bwanji ali duu, kapena sizikuwakhudza? Limenelo ndi bodza, ndipo limadanitsa anthu m'banja.

Tangoonani mmene timachitira pamaliro. Azimayi ali m'siwa akulira mokweza, azibambo ali panja kuthamangira bokosi, galimoto, ufa, ndipo akakhala mtayo mwambo wake amakaika ndi azimayi okhaokha, bambo kumanda safikako. Ndiye munthu wakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, lero akhuthule zakukhosi pa intaneti pomwe anzake akuntchito akuwerenga?

Akatswiri awiri aku America, Kenneth Doka ndi Terry Martin, anafotokoza kuti ena amalira poyankhula ndi kutulutsa misozi, pomwe ena amalira pochita zinthu, monga kumanga chiliza kapena kudzipanikiza ndi ntchito mpaka mdima. Azibambo ambiri amapendekera kwachiwiriko koma sikuti ndi lamulo ayi, anthu ambiri amasakaniza, alipo azibambo olemba ndime zitalizitali pakati pausiku komanso azimayi osaposita kanthu. Mayi woteroyo nayenso timamunena kuti ngouma mtima, abale inu.

Chimandiwawa ine ndi chakuti mauthenga achipepeso amathera kwa mayi, bambo timangowafunsa kuti "mayi akupeza bwanji?" ngati iwowo sanafedwe, kenako tidabwe kuti ayamba kuswera ku bala.