Akadula chifu, tizilombo ta m'matumbo timasinthanso

Mayi wina wabizinesi wa pa Kasungu boma anabwera kudzandiona patatha miyezi isanu chibwerereni ku India, kumene anakachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi. Poyamba sindinawazindikire. Kwa zaka zambiri ndinkawalembera mankhwala a shuga ndi a BP, ndipo akakwera pasikelo muvi unkapitirira makilogalamu 120. Tsiku limenelo anakhala pampando mosavutikira n'kutulutsa kalata ya dokotala wa kunjako. Funso lawo linali limodzi: "Adokotala, shuga wanga anatsika ndisanatuluke n'komwe m'chipatala, thupi lisanayambe kuphwa. Zinatheka bwanji? Ine ndinkati atsika ndikadzaonda."

Funso limeneli linazunguzanso mitu ya madokotala kwa zaka zambiri, ndipo yankho lake likukhudza mimba ya aliyense wa ife, ngakhale amene sadzagonapo pabedi la opaleshoni.

Maopaleshoni ochepetsa thupi amene amachitika kwambiri ndi awiri. Pa sleeve gastrectomy, dokotala amachotsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chifu, ndipo chotsalacho chimakhala chowonda ngati nthochi. Pa gastric bypass, imene anachitidwa mayi aja, amadula kathumba kakang'ono ngati dzira la nkhuku kumtunda kwa chifu n'kukalumikiza chapakati pa matumbo aang'ono. Chakudya chimalambalala chifu chachikulu ndi chiyambi cha matumbo, monga mmene magalimoto akuluakulu amalambalalira tauni ya Lilongwe pamsewu wa bypass uja. Anayambitsa njirayi ndi Edward Mason wa ku Iowa, ku America, m'zaka za m'ma 1960, ataona kuti anthu ochotsedwa mbali ya chifu chifukwa cha zilonda za m'mimba ankavutika kunenepa. Maganizo anali osavuta: mbale ikachepa, munthu adya pang'ono.

Koma mu 1995, Walter Pories wa ku North Carolina anafalitsa zimene anaona mwa odwala oposa 600 amene anawatsatira mpaka zaka 14. Mwa amene anali ndi matenda a shuga, oposa 8 pa 10 alionse shuga wawo anabwerera m'malo mwake, ndipo kwa ambiri kusinthako kunayamba m'masiku oyambirira. Kudya pang'ono kwambiri kwa masiku amenewo kumathandizadi, sitikana. Koma pali zinanso.

Matumbo ali ndi pakamwa pake. Chakudya chikafika kumunsi kwa matumbo aang'ono, kumeneko kumatuluka mahomoni otchedwa GLP-1 ndi PYY. Amenewa amauza ubongo kuti munthu wakhuta, ndipo GLP-1 amauzanso kapamba kuti atulutse insulini. Pambuyo pa bypass chakudya chimafika kumunsiko mofulumira, choncho uthenga umakhala wamphamvu kuposa kale. Pa sleeve, mbali ya chifu imene imachotsedwa ndi yomwe imapanga kwambiri ghrelin, homoni ya njala. Kusintha kwa mahomoni kotereku ndi chifukwa chake mayi aja anandiuza kuti fungo la chipisi pamsika silinkawakokanso. Jakisoni wa Ozempic amene mumamva akutchulidwa pa Facebook amatsanzira GLP-1 yemweyu.

Tsopano tifike kwa eni nyumba. M'thupi la munthu wamkulu mumakhala mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ambiri mwa iwo m'matumbo aakulu, ndipo onse pamodzi amalemera pafupifupi magalamu 200. Kwathu kuno mawu oti tizilombo amatikumbutsa kolera ndi kutsegula m'mimba, koma ambiri mwa amenewa ndi antchito athu. Amadya zimene ife sitingathe kugaya, monga gaga wa mu mgaiwa, makoko a nyemba ndi ulusi wa nkhwani, n'kupanga timadzi timene timadyetsa khoma la matumbo ndi kuthandiza kutulutsa mahomoni a kukhuta aja.

Opaleshoni imasintha mudzi wonse umene tizilomboti timakhalamo. Asidi wa m'chifu amachepa, ndiye mabakiteriya a m'kamwa monga Streptococcus ndi Veillonella, amene kale ankafera m'chifu, amadutsa amoyo. A fuko la Escherichia amachuluka. Mwa odwala ambiri amachulukanso Akkermansia muciniphila, amene anapezeka koyamba ku Wageningen, ku Netherlands, mu 2004, ndipo amakhala pa mamina okuta khoma la matumbo. Ndulu nayo imasintha njira. Tinkaphunzira kuti ntchito ya ndulu ndi kusungunula mafuta basi, koma lero tikudziwa kuti ndi mthenganso: mabakiteriya amaiumba mwatsopano, iyo n'kukagogoda pa maselo a matumbo ndi a chiwindi. Mu 2014 akatswiri a ku Cincinnati anatenga mbewa zopanda FXR, khomo lina limene ndulu imagogodapo, n'kuzichita sleeve. Chifu chinachepa ndithu, koma posakhalitsa mbewazo zinanenepanso.

Munthu wanzeru afunsa kuti: kodi tizilomboti ndi timene tikuondetsa munthu, kapena tikungosintha chifukwa iye wasintha kadyedwe? Pofuna kuyankha, akatswiri amagwiritsa ntchito mbewa zoleredwa m'malo otsekeka, zopanda bakiteriya ngakhale mmodzi m'mimba. Mu 2013, ku Boston, anatenga tizilombo ta m'matumbo a mbewa zochitidwa bypass n'kupatsa mbewa zoterezi. Zinatsika thupi ndi mafuta popanda mpeni kuzikhudza. Mu 2015, gulu la Fredrik Bäckhed ku Gothenburg, ku Sweden, linayeza amayi amene anachitidwa opaleshoni zaka pafupifupi 9 m'mbuyomo. Tizilombo tawo tinali tidakali tosintha, ndipo mbewa zimene zinalandira tizilombo ta amayi a bypass zinasunga mafuta ochepa kusiyana ndi zimene zinalandira ta amayi onenepa osachitidwa opaleshoni.

Chimene chimandikhudza mtima ndi choti phunziro lomweli linachokeranso kwathu, kuchokera mbali ya njala. M'chaka chija cha 2013, magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wa mapasa 317 apawiri a m'Malawi muno, wotsogoleredwa ndi Jeffrey Gordon wa ku St. Louis. Panali mabanja amene mwana mmodzi anatupa ndi kwashiorkor pomwe mnzake, wodya m'mbale yomweyo, anali bwino. Mbewa zimene zinalandira tizilombo ta ana odwala, n'kudyetsedwa chakudya chonga cha kumudzi kwathu, zinaonda kwambiri. Ine amene ndaona ana otupa mapazi ku wodi ya ana m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, ndikawerenga zimenezi ndimaona kuti mayi wa makilogalamu 120 ndi mwana wotupa uja akuyenda pa msewu umodzi, wina akulowera kuno wina uko.

Komabe mbewa si munthu. Ku Paris, gulu la Karine Clément linapeza kuti anthu onenepa kwambiri ambiri ali ndi mitundu yochepa ya mabakiteriya, ndipo ngakhale opaleshoni inawathandiza kuonda ndi kutsitsa shuga, kwa ambiri mitunduyo sinabwerere pa mlingo wabwino. Choncho tizilombo ndi phazi limodzi la mafuwa. Mahomoni ndi ndulu ndi ena awiriwo. Wina akakubweretserani botolo lodula n'kunena kuti lili ndi mabakiteriya ogwira ntchito ngati opaleshoni, sungani ndalama zanu.

Chimene mungachite n'chotchipa kuposa botololo. Kafukufuku wa mu 2012 m'magazini ya Nature anapeza kuti anthu akuluakulu a m'midzi ya m'Malawi ali ndi mitundu yambiri ya mabakiteriya m'matumbo kuposa a m'mizinda ya ku America. Chuma chimenechi tikuchitaya tokha. Munthu akagulitsa fodya ku Chinkhoma, choyamba kusintha ndi mbale: mgaiwa umasanduka chakudya cha osauka, gaga amapita kwa nkhumba, khobwe ndi bonongwe zimapatukira chipisi ndi zakumwa za shuga. Kafukufuku wa mu 2018 wa MEIRU, bungwe lofufuza za umoyo m'Malawi muno, anapeza kuti amayi 44 pa 100 alionse mu Area 25 ku Lilongwe anali olemera kupitirira muyeso. Tikamakondwerera kuti "thupi lawakonda", shuga ndi BP zimakhala zili pakhomo.

Opaleshoniyi si ya wofuna kukwana mu diresi ya ukwati. Malamulo a mu 2022 a mabungwe a madokotala a opaleshoniyi amailola kwa amene BMI yawo (muyeso woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake) yafika 35, kapena 30 ngati ali ndi matenda monga shuga. Ndipo ili ndi ngongole ya moyo wonse. Asidi wochepa ndi matumbo olambalalidwa aja zimachititsa kuti thupi lizivutika kutenga ayironi, kashiamu ndi vitamini B12. Amene akusanza pafupipafupi angasowe vitamini B1 m'masabata ochepa, mitsempha ndi ubongo n'kuwonongeka. Ameneyo asadikire, athamangire kuchipatala. Mowa umalowa m'magazi mofulumira. Mayi ayenera kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati. Shuga amathanso kubwerera patapita zaka, choncho kuyezetsa sikutha.

Mayi aja ngongoleyi anali atayamba kale kuimva. Pa chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo anamwa kapu ya thobwa lotsekemera kwambiri, ndipo pasanathe theka la ola thukuta linali kamukamu, mtima ukugunda, chizungulire. Zimachitika shuga wambiri akagwera m'matumbo nthawi imodzi. Chinawapweteka kwambiri ndi manong'onong'o a pamsika, poti kwathu kuno munthu akaonda msanga anthu amamuganizira matenda ena. Nditawafunsa za mavitamini, anaweramitsa mutu. Botolo la ku India linatha mwezi wachitatu, ndipo poti ankamva bwino sanagulenso.

Nditatsegula chikope chawo, m'kati munali motuwa. Tinayeza magazi tsiku lomwelo ndipo anapezeka ochepa. Tinayambiranso ayironi, mavitamini a tsiku ndi tsiku ndi jakisoni wa B12 wa miyezi itatu iliyonse. Tinagwirizananso za mbale yawo: ayambe ndi usipa, dzira kapena nyemba, kenako masamba, nsima ya mgaiwa ikhale yomaliza ndipo mbamu ziwiri zitatu basi, madzi amwe patapita mphindi 30. Tsiku la jakisoni wotsatira ndinalilemba ndi inki yofiira pachikuto cha buku lawo la kuchipatala.